Mtengo wa Mkaka

Lachinayi madzulo.

Mwana wanga Mutinta wanyambita utomoni wa chimtengo cha atate ake chija, milomo yatupa ndipo wasanza kawiri. Mkwiyo wanga wakula.

Ndinawauza amuna anga kuti chinthu chotupa tsinde ngati chinangwa, chotuluka zoyera ukachikanda, sichikhala pakhomo pamene pali mwana wazaka ziwiri. Iwo ati n'chosowa, anakachikumba ku Simonga, azungu adzachigula. M'mawa uliwonse amachithirira m'chitini mwake, mwana osamunyamula n'komwe. Ndipo ni iwo anamuonetsa akuseka kuti, "Ona, mtengo wa mkaka!" Nanga mwana akamva mkaka atani?

Ndachiponda mpaka chaphwanyika, adzalire.

Foni sakuyankha. Bashi Mutinta, amuna anga, siyani zosema zanuzo kumsika wa Mukuni Park, bwerani msanga. Ndamubereka kale, ndikupita naye kuchipatala, wayamba kulefuka