Milomo ya Talandira Yatupa, Akuchimuna Ali M'njira

Atamandike Yehova amene sagona tulo! Mwana amene ndamulera ndi maricho, maganyu a m'minda ya eni, lero anthu akukonza ng'ombe kuti adzamupemphe! Ndavina mpaka chitenje kumasuka.

Agogo, moni. Pepani ndayamba ndi nthungululu, koma pansi pa chimwemwechi mtima ukuwira.

Ine ndimakhala pa komboni ya purazi ina, famu ya fodya, kuno ku Banket. Makolo anachokera ku Dedza, ife tinabadwira mu fodya momuno. Sukulu sindinapite nayo patali, mukaona zolakwika musaseke. Talandira ndi mwana wa malemu mlongo wanga Petro, ndiye ine ndine azakhali ake, kuno amati tete. Wapeza mnyamata wa ku Mvurwi, Passmore, woyendetsa thirakitala, samwa, sasuta. Akwawo akubwera kudzapereka roora, malowolo, Loweruka lakumapeto kwa mwezi uno.

Nditapita ndi Talandira kukamuonetsa kwa azakhali a mnyamatayo anatilandira bwino, nkhuku inafa. Koma potiperekeza kokwerera minibasi, imene kuno amati kombi, mayiyo anandikokera pambali n'kuti, "Mwanayu ngokongola, koma manowo bwanji? Amatafuna fodya?" Agogo, mwana wa kwaya ameneyu! Tonse okulira madzi a chibhorani, mjigo wa pano, mano athu ngofiirira, ngakhale abusa.

Zinandipweteka. Tsiku la malipiro ndinagula mankhwala oyeretsa mano kwa bambo wina woyala katundu pansi pa renki, pokwerera makombi. Kachubu kagolide, pali chithunzi cha mkazi akuseka, zolembazo chilankhulo chake ngakhale aphunzitsi anachilephera. Anandilumbirira kuti mano ayera ngati mpunga. Poona kuti masiku achepa, ndinamuuza Talandira kuti zotsuka n'kulavula ndi kutaya ndalama. Azipaka m'mawa, azipaka pochoka ku shedi ya fodya, ndipo pogona apake agone nawo, monga timachitira ndi mafuta a pachilonda. Anachita momwemo sabata yonse, mwana womvera.

Ndiye tamverani za Eneless. Nyumba zathu zinayandikana, fodya timasankha pa benchi imodzi. Mwana wake Primrose ndi amene ankamufuna Passmore, komboni yonse ikudziwa. Munthu amene sanatigawirepo ngakhale mchere, anatulukira ndi mbale ya maungu, akuseka, akuti akwati adye anenepe. Kutacha, milomo ya mwana yatupa ngati walumidwa ndi mavu. M'kamwa mukusupuka tizikopa toyera, nkhama zafiira psuu, m'mbali mwa milomo mwang'ambika. Tiyi akulephera, sadza, nsima yathuyi, akumeza akulira.

Ine sindinapinde manja. Ndinatenga mankhwala omwe aja n'kumupaka pa zilondazo, poti akamawawa ndiye kuti akupha tizilombo. Koma zikungokula. Ndiye mundiuze, matenda okana mankhwala odula chonchi ndi a Mulungu amenewa?

Eneless ndinamupeza ku chibhorani, ndipo dzina lake lenileni, loti mfiti, ndinamuuza pamaso pa anthu. Iye osachita ndi manyazi omwe, anangoti, "Maungu omwewo ana anga adya. Inu kayang'aneni zimene mukumupaka mwanayo." Mwano wake! Pano amayi a pa komboni ayamba kunong'ona kuti mwana ali ndi matenda aja. Mawu amenewo akangofika ku Mvurwi, ukwati watha. Talandira wadzitsekera m'nyumba. Passmore akaimba foni ya vidiyo akumadula, akuti netiweki.

Ndipite kwa aporofita a kuphiri, kapena Eneless ndikamusumire kwa foromani amuchotse pa benchi yanga? Ndiyankheni msanga. Mwezi ukatha ndikutumizirani ya drinki pa foni, ine sindinama.

J.P., Banket

Mayi J.P.,

Nthungululu ndakuthandizani kuimba. Tsopano khalani pansi ndikukalipireni, chifukwa mwanayo mukumupweteka ndi dzanja lanu lachikondi lomwelo.

Sindinamuone Talandira, koma zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi chiwengo cha mankhwala otsukira mano. Oyeretsawa amakhala ndi zinthu zaukali, zina zokwecha, zina zonunkhiritsa, zina zochititsa thovu, ndipo anthu ena m'kamwa mwawo simugwirizana nazo. Ngakhale munthu amene sizimuwenga, akagona nazo usiku wonse apsa. Amatsukira n'kulavula, basi. Inu mwawonjezera kupaka pa zilonda! Kuwawako si tizilombo tikufa ayi, ndi m'kamwa mwa mwana mukupsa. Maungu a Eneless anangofika tsiku loipa.

Asiye mankhwalawo lero lomwe. Azichukucha m'kamwa ndi madzi ofunda othira kamchere pang'ono, azitsuka mano ndi mswachi wofewa ndi madzi okha mpaka apole. Tsabola, mandimu ndi tiyi wotentha adikire, adye phala ndi zofewa. Kachubuko musataye. Mukanyamule popita naye ku chipatala mawa, ndipo mukanene zonse, ndi zogona nawo zomwe. A chipatala ndi amene angaone ngati pali china, n'kumupatsa chochepetsa kutupa. Ngati ndi chiwengo, nthawi zambiri munthu amayamba kupeza bwino patangopita masiku ochepa atasiya. Zikapanda kusintha mubwererenso, musayese mankhwala ena a pa renki.

Za manowo, ngati kufiirako ndi kwa madzi a chibhorani, mtunduwo uli m'kati mwa dzino, unalowa ali mwana. Palibe kachubu kangauchotse. Ndipo Passmore pomufunsira ankayang'ana mano omwewo. Amene anadandaula ndi azakhali ake, ndipo sindinamve kuti akukwatira ndi iwowo.

Talandira ayankhe foni. Mnyamata amve kwa iye mwini lero, asamve kwa amayi a pa komboni mawa. Apite onse awiri akayezetse magazi, zomwe n'zoyenera aliyense wolowa m'banja, ndipo zonong'onazo zithera pomwepo. Tsiku likafika asanapole, ndinu tete, pemphani alisunthe. Ng'ombe siziwola.

Kwa aporofita ndi kwa foromani musapiteko. Kutchula munthu mfiti popanda umboni ndi mlandu m'dziko muno, ndipo Eneless atafuna akhoza kukusumirani inuyo. Munamunyozera pa chibhorani, mukamupepesere pomwepo, anthu ali pa mzere ndi zigubu zawo.

Chenjezo langa ndi ili: lilime kapena pakhosi pakayamba kutupa, kapena akamapuma movutikira, musadikire kombi ya m'mawa. Gogodani kwa aliyense wa galimoto, muthamange naye ku chipatala nthawi yomweyo.

Ya drinki ija musanditumizire. Mugule paketi ya shuga mukapatse Eneless. Munamutukwana pagulu, koma yankho limene mwalifuna kwa ine iye anakupatsani kale, zigubu zili m'manja.

Agogo