Usasiye Moto, Esi

Esinati 10:42
achimwene call ikudukaduka, lembani bas. kwadi yazimanso. ndikangosiya moto ikuzima

Stafford 10:43
kwadi, njinga yamoto ya matayala anayi ya kumunda kwa abwana ako ija? ukupita nayo kuti

Esinati 10:43
kuchipatala ku boma. ababa alumidwa ndi mphiri akulambula pansi pa manachesi. ali kumbuyo kwanga, ndawamangirira ndi chitenje mchiuno mwangamu

Stafford 10:44
mayo ine

Stafford 10:44
uli pati

Esinati 10:44
tangowoloka kamtsinje. zitunda za kwa kanduku zonse zikadali kutsogolo

Stafford 10:46
ndikutseka garaja, ndapeza pick up. koma kumeneko siingakwere, tikumane pa tala. mafuta unathira ati

Esinati 10:46
a mzigubu akumalire aja. oil ndinasakaniza bho

Stafford 10:47
ndi amenewo. zinyalala zatseka kajeti ka idle mu kabuleta. kumasula nthawi palibe. kokera choke theka uponde kiki

Esinati 10:50
yalira yazimanso. mwendo watupa mpaka mbondo achimwene, ndikuopa

Stafford 10:50
usawayang'ane mwendo, yang'ana kabuleta. kumbali kuli ka screw kokhala ndi spring. potokola kumanja

Esinati 10:51
ndi chani? ndilibe spanala

Stafford 10:51
ababa sayenda opanda kampeni mthumba

Esinati 10:54
🎤 0:09

Stafford 10:54
eya imeneyo! ikukuwa ngati chigayo koma isiye choncho. choke usabweze. usasiye moto Esi, plug yanyowa kale, ikazimanso ndi kiki siidzuka

Esinati 10:55
utsi ndiye ayi ndithu

Stafford 10:55
utsi supha munthu. nyamuka

Stafford 11:09
wafika pati

Esinati 11:13
mavuto. pamsewu ayala masamba, pali maliro. anthu ali mbali zonse ziwiri, a njinga akutsika nkumakankha. ndaima chapatali chala chili pa moto

Stafford 11:13
dutsa

Esinati 11:14
ndi phokoso limeneli? akuimba nyimbo, bokosi lili panja

Stafford 11:14
DUTSA. mlandu ndidzabwera kudzapepesa ndekha

Esinati 11:15
ababa akukana. akuti ndi maliro a aLuckson amene ankaimba nawo kwaya. akuti ndizimitse tidutse mwaulemu

Stafford 11:15
ayike foni pakhutu

Stafford 11:16
🎤 0:31

Esinati 11:17
amva. akuti uzani mnyamatayo sindinamulere choncho. akuti iwo sangadutse pa mnzawo ndi utsi ngati akuthamangitsa mbava

Stafford 11:17
aLuckson apita kale!! ife tikufuna amoyowa. iwe ndi amene wagwira handulo, usawamvere

Esinati 11:18
akulankhula movutika, thukuta thupi lonse. ndikudutsa bas, andikwiyire ali moyo

Stafford 11:18
pita mwana wa amayi

Esinati 11:20
azimitsa

Stafford 11:20
ndani

Esinati 11:20
ababa. tili pakati penipeni pa masamba apisa dzanja kunkhwapa kwanga nkupotokola key. avula chipewa

Stafford 11:21
Mulungu wanga

Stafford 11:21
bweza choke, moto wonse, ponda kiki osaleka

Esinati 11:25
palibe. mwendo wanga watha. anthu onse akungondiyang'ana, nyimbo yasiya. kutsogolo ndi chitunda

Esinati 11:26
adzukulu akubwera kuno ndi makasu awo akumanda. ambiri. nkhope sizili bwino

Stafford 11:26
gwada. awonetse mwendo wa ababa usanalankhule chilichonse

Stafford 11:27
ikakhala pamtsetse imadzuka, second gear, clutch nkusiya mwadzidzidzi. koma chitunda chimenecho wekha sungakankhe

Stafford 11:31
Esi

Stafford 11:35
📞 simunayankhe

Stafford 11:38
ndafika pa tala. akumenya? ababa akupuma?

Stafford 11:44
Esinati yankha chonde

Stafford 11:49
ndayamba wapansi kubwera konko

Esinati 11:52
bwererani pa tala, yalira. akupuma

Esinati 11:52
adzukulu ataya makasu atikankha chitunda chonse, ababa ali pompo chipewa kumanja. adzukuluwo akuti dzenje limodzi lawakwana lero