Dzungu la Amayi Lamera mu Gata

Aphungu,

Pepani ngati kalatayi ikudumphadumpha, ndi mmene mtima wanga ulili. Dzungu la amayi anga lamera padenga!

Ndiyambe bwino. Amayi anatisiya mu Julaye kwathu ku Petauke. Ulendo womaliza kuwaona ali moyo, anandinyamulitsa dzungu limodzi la mtundu wawo, lotuwa, lofumbutuka ngati mbatata, limene ankasunga mbewu yake kuyambira ndisanabadwe. Munda wawo pano ndi tchire, ndipo palibe wina anasunga nthanga. Dzungulo ndinaliphika mu Okutobala, nthanga n'kuziyanika m'lichero padenga poopa nkhuku za aneba. Masana kunabwera kamvuluvulu. Lichero ndinakalitola kuseri kwa mpanda mulibe kanthu. Ndinalira ngati maliro achiwiri.

Tsono nyumba yathu kuno ku Chelstone ili ndi gata, ngalande yalata ija yolandira madzi a padenga. Zaka zinayi sitinaiyeretsepo, inadzaza fumbi ndi masamba a kotapela, mtengo wathu wa mapeyala. Tsiku lina mu Disembala ndikuyanika zovala, ndinangoona tsamba likundikodola kuchokera m'mwamba. Aphungu, ndinavina mapegi ali kukamwa! Nthanga imodzi inabisala mmenemo. Pano layanga, nthambi ikulendewera pawindo la kuchipinda, ndipo kunsonga kuli kadzungu konga nkhonya. Ndakamangira kansalu ka chitenge kuti kasagwe. M'mawa ndimayamba kukapatsa moni ikako, kenako amuna anga.

Vuto ndi amuna angawo, bashi Kayla, ndiye kuti bambo a mwana wathu Kayla. Mvula ikagwa madzi sakulowanso mupaipi, akusefukira pakhoma. Penti yamatuka, kuchipinda kukununkha nkhungu, suti yawo ya kutchalitchi yachita mawanga, ndipo gatayo yawerama pakati. Dzana anati, "Bana Kayla, iyi ni nyumba, si famu. Mwezi ukasila nikwela, nichosa vonse." Ine ndinati, "Mukachosa, na ine munichose." Anaseka, koma makwerero abwereka kale kwa aneba athu, ba Chitalu.

Kadzunguko sikangakhwime mwezi uno. Kakazulidwa, mbewu ya amayi yatha padziko. Nditani?

T.M., Chelstone, Lusaka

Mayi T.M.,

Vinani ndithu, inenso ndagwedeza nawo mapewa pano. Koma walira mvula walira matope. Amuna anu sakulakwa. Khoma likamwa madzi mpaka Malichi mudzalira nalo, ndipo tsiku limene gatayo idzagwe, idzagwa ndi dzungu lomwe.

Musalizule kuti mukaliwokere pansi. Dzungu lalikulu likasokonezedwa mizu limafota. Koma lili ndi khalidwe limodzi lokoma: mfundo ya nthambi yake ikakhudza dothi lonyowa, imatulutsa mizu. Ndiye tsitsani nthambi yolendewerayo modekha. Ngati sikufika pansi, ikani thumba la dothi pamwamba pa diramu, dothi likumane nayo m'njira. Fotserani mfundo ziwiri kapena zitatu zimene zili kumtunda kwa kadzunguko, nsonga ndi kadzungu zikhale kunja. Thirirani. Pakapita masabata awiri kapena atatu, kokani pang'ono. Ikakana, yagwira. Pamenepo dulani nthambi yochokera kudenga, dzungu lasamuka. Kadzunguko kakathothoka musaitane maliro achitatu, maluwa ena akubwera.

Bashi Kayla musawaopseze ndi zonyamula katundu wanu. Apempheni masabata atatu, ndipo apatseni chochita Loweruka lino. Akwere, atsegule kukamwa kwa paipi, achotse zinyalala uku ndi uku, asiye kagawo kochepa pamene pali mizu, ndi kanjira kamadzi m'mbali mwake. Botolo lapulasitiki lodula pakati limakokola bwino, ndipo avale magolovesi chifukwa lata limacheka. Matope akudawo musataye. Ndi manyowa amene analera dzungulo, athireni m'thumba lija.

Mukadula nthambi, gata yonse iyeretsedwe. Thiranimo ndowa ya madzi muone ngati akutuluka pansi mwamphamvu. Akamatuluka modontheza, paipi yatsekeka, ipiseni waya. Tizitsulo togwira gatayo timangidwenso pamene yawerama. Kuyambira pano muziyeretsa kawiri pachaka, mu Okutobala mvula isanagwe ndi mu Meyi ikatha, ndipo nthambi ya kotapela imene ili pamwamba pa denga isadzidwe. Zaka zinayi, mayi! Mwayi wake kunamera dzungu, kukanatha kumera mkuyu.

Chenjezo langa ndi ili. Wina akakwera, wina agwire makwerero ndi manja awiri, osati dzanja limodzi lili pafoni kujambula dzungu. Padenga ponyowa asapondepo munthu, ndipo waya wamagetsi wolowa m'nyumba aupatse ulemu wake, autalikire. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Dzungulo likadzakhwima, nthanga muyanike pansi, mutavindikira sefa. Zikauma muzigawe. Zina kwa ba Chitalu a makwerero, zina kwa amayi a kutchalitchi, zina mukweze basi pa siteshoni ya Intercity zibwerere ku Petauke. Amayi anu anasunga mbewuyi moyo wawo wonse, ndipo inatsala pang'ono kutha masana amodzi chifukwa yonse inali m'lichero limodzi. Kamvuluvulu wakubwezerani nthanga imodzi. Sabweza kawiri.

Phungu wanu