Kapulogalamu kanga kawalanda a Lajabu Lachisanu

Aphungu,

Ndimagwira ntchito pa nazale ya mitengo kumtunda kuno, cha ku Mulunguzi, ndipo kunena zoona ntchitoyi ndimaikonda. Zonse zokhudza mbande zathu, mtundu wake, tsiku lofesa ndi kumene zinakadzalidwa, timasunga pa kompyuta mu databesi ya Access. Anaikonza kalekale ndi a Lajabu, bambo achikulire amene anandilandira pano ngati mwana wawo.

Chaka chatha ndinaphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pa kompyuta. Ndinalemba kapulogalamu kamene kamalowa mu databesimo n'kutulutsa lipoti la pa sabata. Ntchito imene inkawadyera a Lajabu Lachisanu lonse tsopano imatha tiyi asanazizire. Abwana akukondwa, inenso ndimatsikira kwathu ku Sadzi dzuwa likadalipo.

Koma a Lajabu asintha. Tsiku lina anandifunsa akuseka, "Ndiye ine ndizingothirira mbande basi?" Kuseka kwawoko kunandilasa mumtima. Panopa ndikufuna kuti kapulogalamuka kazilembanso mu databesimo ndi kukonza zolakwika, koma ndikuopa kuwauza. Ndingochita mwakachetechete?

D.C., Zomba

A D.C.,

Mwachita bwino kuphunzira, ndipo musachite nazo manyazi. Koma zamwakachetechetezo ayi.

Bambowa sakufunsa za kuthirira mbande. Akufuna kudziwa ngati akufunikabe. Mawu okoma sawakhutiritsa, apatseni ntchito yeniyeni. Lachisanu likubwerali khalani nawo pa kompyuta, muwaonetse pang'onopang'ono zimene kapulogalamuko kamachita. Apempheni kuti aziwerenga lipoti lisanapite kwa abwana, komanso akuuzeni zolakwika zimene akhala akukumana nazo zaka zonsezi. Mudzadabwa kuti adzayamba okha kukufunsani, "Nanga ichi kangachite?"

Pa nkhani yolembamo, yambani mwakopera fayilo yonse ya databesiyo pa fulashi, ndipo muziyesera pa yokoperayo mpaka nonse awiri mutakhutira. Musasinthe zinthu zambiri wina ali mkati mogwiritsa ntchito databesiyo.

Chenjezo langa ndi ili: mukamafufuta mu Access, imakufunsani kaye ngati mwatsimikiza. Python safunsa. Mukaiwala kutchula mzere umene mukufuna kufufuta, lamulo limodzi limasesa zonse ngati moto wolusa m'nkhalango ya paini. Choncho tsiku loyamba kulemba mu fayilo yeniyeni musakhale nokha. Inu muimirire kumbuyo, a Lajabu akhale pampando, batani adine ndi iwo.