Kapu ya Bambo

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, tikudzuka. Musadabwe kuti ndagwira cholembera ngati munthu wakale pamene foni ilipo. Pa foni mumandifunsa mafunso atatu ndisanayankhe loyamba, ndiye ine ndimangoti “zonse zili bwino” kuti ndipulumuke. Lero ndikufuna mundimvere mpaka kumapeto. Ndikulemba nthawi ya nkhomaliro kuseri kwa kauntala, Aprofesa atuluka kukagula mabotolo. Ndikamaliza ndijambula mapepalawa ndi foni kuti muwerenge lero lomwe.

Aprofesawa mukuwadziwa, ndi akulu awo a amuna anga, aja anavina mpaka kung’amba jekete pa ukwati wanga. Sukulu ya udokotala sanaipondeko, koma anagula chovala choyera chachitali ndipo dzinalo linawakanirira. Ndiwo eni sitolo ya mankhwala achilengedwe imene ndikugwirako ntchito. Amuna anga amayendetsa galimoto yawo, ndipo chipinda chimene timagona chili kuseri kwa sitolo yomweyi. Ndiye muone nokha. Ntchito ndi yawo, denga ndi lawo, ngakhale kiyi wa kuchimbudzi amakhala m’thumba mwawo.

Sindikunena kuti zonse za pano ndi bodza, ayi. Timaphunzitsa anthu kupuma pang’onopang’ono, kukoka mpweya ndi mphuno, kuwerenga mpaka kanayi, kenako n’kuutulutsa. Timawauza kuti achepetse mchere, aziyenda m’mawa, asiye fodya. Pali mayi wina amabwera ali ndi nkhawa, amangosowa womumvera, ndipo amatuluka nkhope itamasuka. Tiyi wathu ndi masamba ouma, jinja, adyo ndi makoko a mandimu. Munthu sangafe naye. Vuto ndi masitepe.

Sitoloyi ili m’mwamba, pamwamba pa malo ogulitsira matayala, ndipo kuti ufike kuno umakwera masitepe makumi atatu ndi awiri. Tsiku loyamba Aprofesa anandikokera pambali nati, “Mlamu, munthu akangotulukira pakhomopa, usamupatse mpando. Mumange makina a bipi pamkono ali chiimire, akadali wefuwefu.” Nkhalamba yoti yakwera masitepe onsewo, mukuganiza kuti nambala ingakhale yotani? Ine ndimaiwerenga mokweza, n’kugwira pakamwa ngati ndaona njoka. Kenako timamukhazika pampando wofewa m’chipinda cha makatani obiriwira, timamupatsa tiyi, n’kumusiya apume bwinobwino kwa mphindi makumi awiri. Ndikamuyezanso, nambala yatsika. Aprofesa amangotambasula manja n’kunena kuti, “Mwaona nokha? Ine sindinayankhule, makina ayankhula.” Inu monga namwino mukudziwa kuti ngakhale tikanamupatsa madzi a pampopi ikanatsika ndithu. Inenso ndinazindikira sabata yoyamba yomwe, koma ndinatseka pakamwa.

Ndiye mu Epulo, bambo athu anakwera masitepe aja.

Sindinawaitane, achemwali, Mulungu ndi mboni. Anangoti aone kumene mwana wawo amagwira ntchito. Anatulukira atagwira khoma, thukuta lili kamukamu, ndipo Aprofesa anandiyang’ana ndi diso lija. Ndinawayeza ali chiimire. Inali 180. Atamwa tiyi ndi kupuma, inali 150. Mukanaona nkhope yawo! Anati, “Zaka ziwiri chimwalirireni amayi ako ndakhala ndikumeza mapiritsi, kukodza pafupipafupi ngati khanda, kumeneku mankhwala ali m’manja mwa mwana wanga?” Ndinati, “Bambo, tiyi muzimwa, koma mapiritsi musasiye.” Anaseka nati, “Iwe, ukunyoza ntchito yako yomwe?” Aprofesa ndi ochenjera, sauza munthu kuti asiye mapiritsi. Anangoti, “Achikulire, thupi lanu likuuzani lokha.”

Lamlungu lake nditapita kukawachapira, ndinapeza mapiritsi onse ali m’bini pamodzi ndi makoko a mazira. Ndinawatola n’kuwabisa m’chikwama. Ndinawachonderera, ndinakalipa, ndinalira, koma bambo mukuwadziwa, akanena anena. Patatha masabata awiri anayamba kudandaula mutu, kuno kunkhongo, ndipo tsiku lina anatuluka magazi m’mphuno. Ndinawayeza atakhala pansi, atapuma, Aprofesa kulibe. Inali 190. Anandifunsa kuti ili bwanji, ine n’kuwauza kuti ili bwino.

M’mawa mwake ndinatenga piritsi limodzi, ndinaliika pakati pa masupuni awiri, n’kulipera mpaka linakhala ufa. Ndinathira m’kapu yawo, n’kuwonjezera uchi kuti kuwawa kusamveke. Ndikudziwa, achemwali, ndikudziwa. Panopa mwaimirira kale ndipo mukundilalatira kuti mankhwala sapatsidwa choncho. Khalani pansi, sindinathe.

Kuyambira tsiku limenelo bambo amabwera m’mawa uliwonse nthawi ya 8. Ali ndi mpando wawo pafupi ndi zenera, ndi kapu yawo yabuluu yobenthuka pamlomo, imene salola wina kuigwira. Ine ndimalowa m’kakhitchini, ndimatseka chitseko ndi phazi, masupuni aja n’kugwira ntchito yake. Mapiritsi ndimakatenga kuchipatala ndi khadi lawo, n’kumanama kuti eni ake miyendo ikuwavuta. Miyezi inayi tsopano. Amayenda wapansi kuchokera kwawo kufika kuno, mchere anasiya, amapuma mowerenga ngati mwana wa sukulu, ndipo piritsi likulowa tsiku lililonse osadumphitsa, zimene sizinkachitika ngakhale pamene ankamwa okha. Kunena zoona sanakhalepo bwino chonchi. Masitepe aja amakwera akuimba nyimbo. Ine ndinkadziona ngati wochenjera kwambiri.

Chimene sindinaganize ndi pakamwa pa bambo. Mukukumbukira atelala, anzawo aja amene anawasokera suti ya ukwati, kumene madoda amasonkhana kumvera mpira pa wailesi? Bambo anasandutsa malo amenewo tchalitchi. Aliyense wolowa amamva umboni: “Ndinataya mapiritsi onse, ndipo tandionani!” Aprofesa anawajambula chithunzi n’kuchimata pansi pa masitepe ndi mawu omwewo. Anzawo asanu anabwera, ndipo onse ndinawayeza ali chiimire chifukwa Aprofesa anali pamsana panga. Onse anagula mapaketi a tiyi woti akapange kunyumba. Atelala ndinawathamangira pa masitepe, ndinawagwira mkono n’kuwanong’oneza kuti, “Chonde bambo, mapiritsi anu musasiye.” Anandiyang’ana akumwetulira nati, “Nanga bambo ako, mwanawe?” Ndinawasiya atsike.

Lachinayi lapitali masana, atelala anagwa pa makina awo osokera akupinda siketi ya mwana wa sukulu. Moyo ulipo, koma mkono ndi mwendo wa kumanja sizikugwira ntchito, ndipo pakamwa papotoka. Ndinapita kukawaona kuchipatala. Anandizindikira, anayesa kuyankhula, koma panangotuluka malovu. Akazi awo anawapukuta ndi kansalu. Ine ndinaima pamenepo ndi thumba la malalanje, ndikulakalaka pansi patang’ambika.

Dzulo akazi awowo anakwera masitepe athu. Nditawaona ndinati lero ndiye tsiku langa, anditukwana pamaso pa anthu, ndipo mumtima ndinati zikhale choncho, mwina ndipuma. Koma ayi. Anandigwira manja onse awiri nati, “Mwana wanga, ndipangire womwe uja umapangira bambo ako, ndikawamwetse ndi supuni. Bambo ako akuti wa m’paketi ndi wofooka, wamphamvu ndi wa dzanja lako.” Mwamva zimenezo, achemwali? Bambo akhala akuganiza usana ndi usiku kuti bwanji iwo ali bwino pamene mnzawo wagwa, ndipo yankho limene apeza ndi lakuti dzanja langa lili ndi mphatso. Ndiye alamula kuti Loweruka abwera ndi anzawo anayi otsalawo, kuti aliyense ndizimupangira kapu yake ndekha. Aprofesa akondwa, agula kale makapu anayi atsopano.

Amuna anga ndinawauza zonse. Anayang’ana nsapato zawo, kenako anati, “Ndiye ukufuna tikagone pa msewu? Ndi akulu anga amenewa.” Sindikuwada, akunena zoona, tilibe kolowera. Kuchipatala nako, mayi wa pazenera la mankhwala wandigwira. Anatembenuza khadi lija nati, “Mwezi wamawa osabwera nokha. Odwala ayenera kuonedwa ndi adokotala, apo ayi palibe mankhwala.” M’botolo mwatsala mapiritsi asanu ndi anayi. Ndimawawerenga m’mawa ndi madzulo ngati achuluka okha.

Mufunsa kuti bwanji sindinawauze bambo kalekale. Yankho lina ndi labwino, lina ndi lochititsa manyazi, ndipo ndikupatsani onse awiri. Labwino ndi lakuti ndikuopa mtima wawo. Akadziwa, adziwanso kuti ndi umboni wawo umene wagoneka mnzawo amene akhala naye zaka makumi anayi pa bedi lija. Sindikudziwa ngati angapirire.

Lochititsa manyazi ndi ili. Inu munakhoza mayeso kamodzi, ine ndinalephera kawiri. Chithunzi chanu cha yunifolomu chili pakhoma pabalaza, changa chili m’kabati. Sindinakuchitirenipo nsanje yoipa, koma ndinkamva kuwawa, ndivomere. Ndiye tsiku lina mu Juni bambo anamaliza tiyi wawo, anaika kapu pansi, nati, “Ndinkayesa kuti mwana wanzeru ndili naye mmodzi. Undikhululukire, mwana wanga.” Achemwali, mawu amenewo ndinawadikira moyo wanga wonse. Ndinalowa m’kakhitchini n’kulira, masupuni aja ali m’manja. Tsiku limenelo atelala anali asanabwere. Ndikanayankhula pamenepo, bwenzi lero akusoka. Sindinayankhule chifukwa zinkandikomera.

Tsono pempho langa ndi ili. Musawaimbire bambo lero kapena mawa, asamve kwa munthu wina, ndipo asamve ali okha m’nyumba. Loweruka nthawi ya 8 muimbe pa foni yanga, ndipo musadule. Ndiwadikira amwe kapu yawo kaye, apume, kenako ndibweretsa masupuni awiri aja ndi botolo, ndiziike patebulo pamaso pa madoda onse ndi Aprofesa omwe, ndipere piritsi limodzi akuona. Ndiwauzanso za masitepe. Mawu akandithawa, ndikweza foni kuti muyankhule inu. Inu amakumverani, ndinu namwino weniweni. Muwauze onse abwerere kuchipatala Lolemba, ndipo mundiuziretu zoti ndichite bambo akayamba kugwira pachifuwa. Kumene ndikagone Loweruka lakelo sindikudziwa. Zovala zanga ndalongedza kale m’chikwama chija munandisiyira, chili pansi pa bedi, amuna anga sanachione.

Ndikumva mapazi pa masitepe, ndi Aprofesa ndi mabotolo awo, ndiyenera kulekeza apa. Mupereke moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti amayi awo aang’ono amawakumbuka tsiku lililonse. Amuna anga akupereka moni. Atelala sangathe kupereka moni, koma muziwapempherera.

Bambo akupereka moni wambiri. M’mawa uno atamaliza kapu yawo anadzipukuta pakamwa, nati ndikuuzeni kuti musamadere nkhawa za iwo, ali m’manja abwino. Agula paketi ya tiyi yoti ndikutumizireni, akuti mukayese pa odwala anu, ndipo musachite manyazi kuphunzira kwa mng’ono wanu. Anatsika masitepe akuimba, ine ndikutsuka masupuni.

Ndine mng’ono wanu,
amene bambo akumutcha dokotala mpaka Loweruka.