Ndime Yomaliza Munapita Nayo

Amayi anga, kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo. Mng'ono wanga Esinati anachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo tamutcha Dorofi, dzina lanu. Kukuwa kwake ndi inu ndithu, a nyumba yoyandikana akudandaula kale. Ku Nsanje madzi anakokolanso mapira, amalume apezako mbatata yokha ya kudimba. Denga la kuno ku Chitawira likudonthabe pomwe paja munkatchera beseni.

Sukulu ya zamalamulo ija ndikupitabe ndikaweruka kuntchito ku Limbe. Munkandiseka kuti pakamwa ngati panga sipafunikanso sukulu. Chigawo chino tikuphunzira za umwini wa nyimbo ndi mabuku, ndi mmene mafoni asokonezera zonse. Ndinkawerenga mofuna kungokhoza mayeso, osadziwa kuti nkhani yake ili m'nyumba mwathu.

Tsiku lina ndili m'minibasi, tikudutsa pa Ginnery Corner, dalaivala anakweza wailesi. Ndinamva mawu anu, Amayi, mukuyamba Mwadiya Wafika, nyimbo imene munapeka chaka chimene bambo anamira powoloka Shire pa mwadiya, bwato lija la kwathu. Simunathe mzere umodzi, zing'oma za pa kompyuta zinalowa mothamanga, bambo wina n'kukulandani nyimboyo pakamwa. Kondakitala ankamenya chitseko motsatira, mtsikana wina pambali panga akugwedeza mapewa. Ndinatsika pomwepo, mpaka ku Chitawira wapansi, ndikulira ngati wamisala.

Mlandu woyamba ndi wanga. Mukukumbuka pa maliro a Mai Sandalamu, Esinati anakujambulani pa foni mukuimba? Inu mutatisiya, ndinatumiza kanemayo kwa abale kuti azikuonani. Abale anatumizira anzawo, anzawo anatumizira anzawo, mpaka anafika kwa woimba nyimbo zauzimu ameneyu. Tsopano anyamata oika nyimbo m'mafoni ku Limbe akuigulitsa, ndipo anthu akuivina pa maukwati, akuponya ndalama m'lichero. Inu munkati nyimbo ya maliro sathamangitsa, woferedwa amafunika apume pakati pa mawu. Iyi ilibe popumira.

Ndinapita ku ofesi yoona za oimba. Anandiuza kuti bamboyo analembetsa kale, akuti ndi nyimbo ya makolo yopanda mwini, iye anangoikonza, ndipo mawu a mayi ali koyambirirawo ndi a munthu wosadziwika. Wosadziwika, Amayi. Inu amene maliro onse a ku Chitawira ndi ku Naperi ankadikira kuti mufike muyambitse nyimbo.

Lamulo lili mbali yathu. Limati nyimbo ndi ya woipeka ngakhale sanalembetse, ndipo akamwalira imatsalira ana ake zaka zambiri. Aphunzitsi athu, nditawafotokozera, anati zimenezo n'zoona, koma khoti limafuna umboni woti munapeka ndinu. Anafunsa ngati munalemba penapake.

Munalemba, m'kope lija la chikuto chofiira, ndi tsiku lomwe pamwamba. Koma amayi a kumpingo atakuvekani yunifolomu ndi duku, anati woimba sapita chimanjamanja. Ndine ndinatenga kopelo pansi pa pilo, ndine ndinaliika m'bokosi pambali pa dzanja lanu lamanja. Palibe anandikakamiza. Ndinkaona ngati ndikukupatsani ulemu.

Mboni nazo zatha. Pa amayi amene analipo tsiku limene munaiimba koyamba, watsala Mai Fombe okha, ndipo anafa ziwalo mbali imodzi, salankhula. Nditawaimbira pang'ono anangondigwira chala, misozi ikutsika. Achimwene a Lazaro akuti tikapemphe chilolezo tifukule manda, titenge kopelo. Tinakangana kwambiri, mpaka lero sitikupatsana moni wabwino. Iwo akuti ndikuteteza manyazi anga, osati ulemu wanu. Mwina sakunama.

Njira inatsala imodzi. Foni ya Esinati inazima musanafike pa ndime yomaliza, ija mumatchula dzina la bambo ndi doko limene anakwerera mwadiya. Wakubayo alibe ndimeyo, sadziwa n'komwe kuti ilipo. Aphunzitsi anati ndikaibweretsa yathunthu ingathandize, chifukwa nyimbo ya makolo singatchule mwamuna wa munthu mmodzi. Ndinasangalala. Loweruka m'mawa ndinakhala pakhonde ndi cholembera, ndinalemba ndime yoyamba, yachiwiri, yachitatu.

Yachinayi yandithawa, Amayi.

Ndikafika pamenepo, m'mutu mwanga mumalowa zing'oma zake zija, nyimbo n'kubwerera koyamba monga amachitira iyeyo. Ndaimva kwambiri m'minibasi moti yake yafafaniza yanu. Esinati akukumbuka mawu awiri okha, a Lazaro sankaimba. Ine ndinkaimva mukuchapa, mukusita, mukundiluka tsitsi, ndipo ndinkati idzakhalapo nthawi zonse. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, munkatero, wa pachala ngwa mphepo. Ndime za lamulo ndaziloweza zonse, ndikhoza kuzilakatula ngakhale mutandidzutsa kutulo, koma mizere inayi ya amayi anga ndaitaya. Ndili ndi manyazi, ndiponso mantha kuti sidzabweranso.

Manda anu sindilola kuti akhudzidwe, zimenezo ndakulonjezani. Kopelo gonani nalo, ndi lanu. Mlanduwo sindiusiya, ndipo Dorofi wamng'ono akadzayamba kulankhula ndidzamuphunzitsa ndime zitatu zimene ndatsala nazo, mwapang'onopang'ono, ndi dzina la mwini wake.

Koma ngati kumeneko amalola, bwerani kutulo kamodzi kokha, mutsegule kopelo, mundiimbire yachinayi. Cholembera ndikugona nacho pansi pa pilo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felisita