Ndodo Yachinayi ya Pulofesa Havlicek

Lolemba, 3 Novembala

Del watsokomola kawiri m'mawa. Ndamutengera pawindo kukaona milomo. Yofiira bwinobwino. Mkazi wanga Corinne akuti ndisiye kumutembenuza mwana ngati nyama yowotcha.

Kwa dokotala wa mtima ndi pa 24. Akaone ngati kabowo kaja ka mu mtima wa Del katsekeka kokha kapena pafunika opareshoni. Inshulansi tilibe. Ya boma anatikana, akuti malipiro athu awiri apitirira pang'ono. Yomwe ilipo ili m'manja mwa Mayi Gunderson, abwana anga ku wekishopu ya payunivesite. Kwatsala milungu iwiri yondiyesa. Akandilemba ntchito yokhazikika, Del walowa mu inshulansi. Akandikana, ndabwerera kowotcherera mageti.

Ntchito yatsopano lero. Pulofesa Havlicek, a masamu, juzi yobooka pachigongono. Akufuna bokosi lachitsulo la mbali zinayi, akaonetse ophunzira pa 14. Papepala alemba okha: ndodo 32, zonse mainchesi 12. Ngodya 16. Pangodya iliyonse ndodo zinayi, zonse pa sikweya, ngati ngodya ya chitseko. Chithunzi akuti aiwala ku ofesi.

Mayi Gunderson angowerenga n'kundipatsira. Sindinakonde mmene amatafunira chingamu.

Lachiwiri, 4 Novembala

Ndodo 32 ndadula. Ukaziimika pamodzi ngati yadulidwa imodzi. Kusukulu ndinalekera panjira, koma tepi sinandinamizepo.

Ndiye ngodya yoyamba. Ndodo ya mulitali, ya mulifupi, ya msinkhu. Zitatu, sikweya yavomera. Yachinayi ndaigwira m'manja theka la ola ngati munthu wosowa poyanika zovala. Ndikailozetsa uku yapendama. Uku yapendama. Pansi, yangokhala mzere umodzi ndi yamsinkhu.

Galimoto yayambanso kulira kumbuyo. Matewera atsala asanu ndi anayi.

Lachinayi, 6 Novembala

Ndakwera ku ofesi ya Pulofesa, ngodya yanga m'manja. Ndati bwana, yachinayiyi iloze kuti?

Ankasangalala ngati ndawabweretsera mphatso. Andikhazika pa mulu wa mabuku. Akuti nyerere yoyenda papepala imadziwa kutsogolo ndi kumbali basi, ukaiuza za kumwamba iyesa wapenga. Akuti nafenso tili choncho, pali mbali ina yomwe chala sichingaloze. Nyerere mu nkhaniyi ndinali ine, ndinamva.

Zaka makumi atatu akulipidwa chifukwa cha malo omwe sangawaloze. Windo la ofesi yawo lomwe silitseguka, akuti linakanirira kalekale. Ndalimenya kamodzi ndi chikhatho, latseguka.

Kenako kwalowa aneba awo, Pulofesa Ramaswamy a fizikisi, kapu ya khofi m'manja. Akuti, "Musamusokoneze mnyamatayu, achimwene. Mbali yachinayi ndi nthawi, ena tonse tinagwirizana kale." A Havlicek akuti nthawi ndi ya anthu othamangira basi. Akanganirana pamutu panga mpaka nthawi yanga ya nkhomaliro yatha. Sangweji ndadyera pa masitepe.

Powotcherera sanandiuze ndi mmodzi yemwe.

Loweruka, 8 Novembala

Del akamayamwa akumatuluka thukuta pamphumi. M'nyumba mozizira chonchi. Ndamuuza Corinne, akuti waona kale, sabata yonse, sanafune kundiuza.

Ndamufotokozera za bokosi kuti aseke. Sanaseke. Akuti, "Bambo a Del, kaya lili ndi mbali zinayi kaya khumi, Lachisanu likhale patebulo la anthuwo."

Chipale chofewa choyamba chagwa masana. Matayala a galimoto ndi akale aja.

Lolemba, 10 Novembala

Tsiku lonse kuyesa. Ndawotcherera bokosi wamba la ndodo 12, labwino, loti ungakhalepo. Ndodo 20 zatsala zikundiyang'ana.

Ndinaganiza zopinda pang'ono ngodya, mwina maso okalamba sangaone. Koma Mayi Gunderson amayenda ndi sikweya m'thumba la ovololo ngati ena amayendera ndi foni. Adutsa kawiri. Kachiwiri aima, ayang'ana ndodo zotsalazo, anditchula dzina, akuti, "Lachisanu, Pruitt." Basi.

Munthu mmodzi walemba zosatheka papepala, ali ndi inshulansi ya mano yomwe. Wina walephera kupanga zosathekazo, mwana wake ndiye alipire.

Bokosi ndabwera nalo kunyumba. Sindikudziwa chifukwa.

Lachiwiri, 11 Novembala

M'mawa, khitchini, nyale yoyaka poti kunja kusanayere. Bokosi lija pansi, pansi pa babu penipeni. Del akukwawa, wasiya chitsulo, akumenya chithunzithunzi chake pa simenti. Ndinati ndimuchotse, ndaima.

Mbali yapansi yakhala pomwe ili. Yapamwamba, poti yayandikira babu, chithunzithunzi chake chatambasuka, chazungulira yapansiyo. Ndodo zinayi zoimirira zagona chopendama, kulumikiza ngodya zamkati ndi zakunja. Ndodo zonsezo ndinadula ndekha, ndikudziwa n'zofanana. Koma pansi zina zazitali, zina zazifupi, sikweya palibe.

Ndiye kuti bokosi la abwanawo palibe angaliwotcherere m'dziko muno. Chomwe akufuna n'chithunzithunzi chake. Bokosi laling'ono mkati mwa lalikulu, ngodya kwa ngodya. Akanangonena choncho Lolemba lija! Mawu asanu okha. Koma ayi, nyerere.

Del ndamupsompsona pamutu. Miyezi isanu ndi inayi, waposa mapulofesa awiri. Khofi ndaiwala pa sitovu.

Lachitatu, 12 Novembala

Ndodo 12 zatsopano za mainchesi 24. Pa zotsala zija, zisanu ndi zitatu ndazifupikitsa kufika khumi ndi kachidutswa. Pepala la Pulofesa ndalinyozera mzere uliwonse.

Mayi Gunderson aona. Chingamu chaima mkamwa. Apita.

Lachisanu, 14 Novembala

Pulofesa alizungulira katatu. Akuti, "Eya, n'chimenechi ndinalemba." Kenako apisa m'thumba kufuna mpango, atulutsa chithunzi chija anaiwala. Chimodzimodzi ndi langa. Chakhala m'juzi masiku khumi ndi limodzi.

Ndawanyamulira mpaka m'kalasi, ndaima kumbuyo. Dzanja limodzi agwira ndodo ya 24, lina ya khumi, akuuza ana a anthu kuti ndodo zonsezi n'zofanana. Mitu zana yawerama kulemba. Palibe wapempha tepi. Kunena zoona, pamenepa sananame. Ndinaona pa simenti ya kwathu. Zandinyansa kuti ndawamvetsa.

Nditabwerera, Mayi Gunderson anditengera kuseri, avundukula mgolo. Wodzaza ndodo za mainchesi 12, zina zadzimbiri. Akuti pepala limenelo limabwera zaka zingapo zilizonse, bokosi lakale likasowa, ndipo amalipereka kwa watsopano. Wina anapinda ngodya n'kubisa. Wina anakakalipira Pulofesa. Onse anapita. Akuti, "Kuno, mwanawe, amakubweretsera zimene alota. Iwe uwapatse zimene zingaime patebulo."

Ndodo zanga 12 zotsala ndaponya momwemo. Mayi Gunderson asayina pepala londilemba yokhazikika.

Ndagula pitsa. Corinne walira pang'ono, kenako wadya zidutswa zinayi.

Lolemba, 17 Novembala

Ku ofesi yolemba antchito. Mayi wa kumeneko, mawu okoma, mbale ya maswiti padesiki. Inshulansi imayamba pa 1 wa mwezi wotsatira. Pa 1 Disembala. Ndati dokotala ndi pa 24. Akuti pepani, ndi mmene kompyuta imachitira.

Ndaimbira kuchipatala kuti asunthe ndi sabata imodzi. Malo otsatira: 9 Febuluwale. Ndamva bwino, ndafunsa kawiri.

Pa masitepe ndakumana ndi Pulofesa Ramaswamy. Ndati bwana, paja munati nthawi ndi mbali ngati zinazi, ndiye munthu angadulepo masiku asanu ndi awiri? Aseka mpaka khofi kutayika. Akuti funso lokongola kwambiri, ndidzabwere m'kalasi mwawo Januwale, antchito amaphunzira ulere.

Lachitatu, 19 Novembala

Thukuta lija m'mawa uno, kawiri. Botolo sanamalize.

Corinne akuti Febuluwale ayi. Tipita pa 24, zinazo zidzatipeza. Ndavomera. Sindinanene kuti ndakhala ndikuyang'ana mtengo wogulitsira galimoto yathu.

Pa kalendala ya m'khitchini, 1 Disembala ali pansi penipeni pa 24, wolembedwa mofooka. Ndatenga tepi. Mainchesi awiri.